Satoru Iwata ndi miyezi 6 ya chete ya bambo ake

Makolo ambiri masiku ano akumva kwa ana awo mawu amene makolo athu sanawamvepo kwa ife. Mnyamata wa zaka 15, mukamufunsa chimene akufuna kudzakhala akakula, satchulanso uphunzitsi, udokotala kapena uloya. Akuti akufuna kudzakhala wopanga masewera a pakompyuta, aja anawo amangowatcha kuti magemu. Kholo limasowa choyankha, pakuti chimene likudziwa za masewerawa n'chakuti amadya nthawi yowerenga ndiponso amagoneka mwana usiku kwambiri. Lero, owerenga okondedwa, tiyeni tione moyo wa munthu wina wa ku Japan amene anali ndi khumbo lomweli ali mnyamata, ndipo bambo ake anamukwiyira nalo mpaka kuleka kumulankhula.

Satoru Iwata anabadwa pa 6 Disembala 1959 mumzinda wa Sapporo, pachilumba cha Hokkaido, kumpoto kozizira kwa dziko la Japan. Bambo ake, a Hiroshi Iwata, anali wogwira ntchito m'boma, ndipo pambuyo pake anasankhidwa kukhala meya wa mzinda wa Muroran. Linali banja lolemekezeka, lodziwa kufunika kwa sukulu ndi kwa dzina labwino.

Pamene Satoru anali kusekondale, m'zaka za m'ma 1970, makompyuta a m'nyumba anali asanafale. Chimene iye anakwanitsa kupeza ndi kamakina kowerengetsera masamu ka kampani ya Hewlett-Packard, kolowa m'thumba, kamene munthu ankatha kukalembera malangizo ochepa oti katsatire. Kanali kodula. Mnyamatayo anagwira ganyu yotsuka mbale n'kumasunga ndalama, ndipo zotsalazo anamuwonjezera ndi bambo ake omwewo. Kamakinako sikankaonetsa chithunzi chilichonse, koma manambala okhaokha pamzere umodzi. Komabe Satoru anakaphunzira mpaka anapangirapo masewera, ena mwa iwo a mpira wa baseball umene anthu a ku Japan amaukonda kwambiri. Wosewerayo ankaona manambala akusinthasintha, ndipo bwalo, mpira ndi othamanga ankaziona m'mutu mwake.

Masewerawo sanawasunge m'chipinda mwake. Ankapita nawo kusukulu, kumene mnzake wina wa m'kalasi ankawasewera mokondwa. Satoru akaona pamene mnzakeyo wasangalala ndi pamene watopa, ankabwerera kunyumba kukakonza. Apa m'pamene ndikufuna tidekhe, chifukwa akulu akale anati m'mera m'poyamba. Ana awiri akhoza kukhala pamakina amodzi kwa maola ofanana, ndipo kholo loyang'ana pakhomo lingaone ngati akuchita chinthu chimodzi. Koma wina akungodya zimene ena anaphika, pamene mnzakeyo akuphika, akulawitsa anzake, akubwerera kukhitchini. Satoru anali wa mtundu wachiwiriwu. Chimene chinkamukoka sikusewera ayi, koma kuona nkhope ya munthu wina ikuwala chifukwa cha chinthu chimene iye wapanga.

Mu 1978 analowa yunivesite ya Tokyo Institute of Technology, imodzi mwa sukulu zapamwamba za luso la zopangapanga m'dzikolo, kukaphunzira za makompyuta. Chaka chomwecho anapeza kompyuta yake yoyamba, yotchedwa Commodore PET, ndipo sanachedwe kuimasula kuti aone mmene imagwirira ntchito m'kati. Mumtima mwa kompyutayo munali kachipangizo kotchedwa 6502, kamene kanali ngati ubongo wake. Satoru anakadziwa bwino kachipangizoka, osadziwa kuti kadzamutsegulira khomo m'tsogolo. Nthawi yopuma ankaithera m'sitolo yaikulu ya Seibu, m'dera la Ikebukuro ku Tokyo, kumene achinyamata okonda makompyuta ankakumana n'kumaonetsana mapulogalamu awo. Mwa anthu a pamalo amenewa ndi mmene munatuluka kakampani kotchedwa HAL Laboratory mu 1980, kamene kanayambira m'kanyumba ka lendi ku Akihabara. Satoru ankathandizako akadali pasukulu, ndipo atamaliza maphunziro mu 1982 analowa ntchito kumeneko. Anali wantchito wachisanu, ndiponso yekhayo wolemba mapulogalamu.

Bambo ake sanamulankhule kwa miyezi pafupifupi 6.

N'chapafupi kuwaweruza bambowa, poti ife tikudziwa kumene nkhaniyi inathera. Koma tiyeni tiime pamene iwo anaima. Ku Japan kwa masiku amenewo, mnyamata wotuluka m'yunivesite yotere ankalowa kampani yaikulu n'kugwira ntchito momwemo mpaka kupuma ali wokalamba. Imeneyo ndiyo inali njira ya munthu wanzeru. Ndiye mwana wa meya, wophunzira chotero, akusiya zonsezo n'kukadziphatika kwa anyamata anayi opanga zidole m'kanyumba ka lendi! Mantha a bambowa anali ndi maziko, monga tione posachedwapa. Chimene ine ndikuona kuti chinalakwika ndi chete uja. Iwo anayeza kampaniyo n'kuipeza yopepuka, ndipo anayeza bwino. Koma mwana wawo sanamuike pasikelo, chonsecho kamakina koyamba kaja anamuthandiza kugula ndi iwo omwe, ndipo akanatha kudziwa kuti mwana wotsuka mbale kuti apeze chida cha ntchito si waulesi. Kukhala chete kwa kholo sikubweza mwana. Kumangochititsa kuti ulendo umene akanauyenda ndi malangizo auyende yekha.

Mu 1983 kampani ya Nintendo, ya mumzinda wa Kyoto, inatulutsa makina a masewera olumikiza ku wailesi yakanema otchedwa Famicom. Ubongo wa makinawo unali wa mtundu womwe uja wa 6502. Pamene ena anali kuyamba kumene kuuphunzira, Iwata anali atakhala nawo zaka zingapo. Anapita yekha ku Kyoto kukapempha ntchito m'malo mwa kampani yake, ndipo anamupatsa. Dzanja lake lili m'masewera oyambirira a makinawo, monga Pinball, Golf ndi Balloon Fight.

Koma mawu a akulu amakoma akagonera. Pofika 1992 HAL Laboratory inali itatsala pang'ono kutsekedwa, ili ndi ngongole ya mayeni 1.5 biliyoni. Chimene bambo aja ankaopa chinafikadi pakhomo. Mtsogoleri wa Nintendo, a Hiroshi Yamauchi, anavomera kuthandiza, koma anaumirira kuti Iwata ndiye atsogolere kampaniyo. Motero mu 1993, ali ndi zaka 33, munthu amene ankangodziwa kulankhula ndi makina anasenza ngongole imene sanaikongole yekha.

Chimene anayamba kuchita chikutikumbutsa mnyamata uja woyang'ana nkhope ya mnzake m'kalasi. Anaitana antchito onse, mmodzimmodzi, n'kukhala nawo pansi kuti amve maganizo awo, ndipo anapitiriza mwambowu kawiri pachaka. Funso limene ankayambira linali lofuna kudziwa ngati munthuyo ali wokondwa pa ntchito yake. Anadabwa kuona kuchuluka kwa zinthu zimene sankazidziwa za anthu amene ankagwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku. Ngongole ija anaimaliza m'zaka 6.

M'kampanimo munali mnyamata wina, Masahiro Sakurai, amene ali ndi zaka 19 zokha anaganiza za kachidole kozungulira kotchedwa Kirby, n'cholinga choti ngakhale munthu amene sanagwirepo masewerawa athe kusewera mpaka kumapeto. Masewerawo anatuluka mu 1992 ndipo anagulidwa kwambiri. Patapita zaka, Sakurai atabwera ndi ganizo lina limene linalibe womuthandiza, Iwata, yemwe tsopano anali bwana wake, ankamulembera mapulogalamu masiku a kumapeto kwa sabata. Ntchito imeneyo ndiyo inabala Super Smash Bros. mu 1999. Amene anadziwa kuwawa kwa kusakhulupiriridwa ali wachinyamata anapereka Loweruka lake kwa wachinyamata mnzake.

Luso lake linamveka kutali. Masewera ena otchedwa EarthBound anali atavuta kwa zaka zingapo osatheka. Iwata ataona mmene zinthu zinalili, anauza eni ake mosabisa kuti kukonza zomwe zinalipo kukanatenga zaka ziwiri, pamene kuyambiranso kukanatenga theka la chaka. Anasankha kuyambiranso, ndipo masewerawo anatuluka mu 1994.

Mu 2000 Iwata analowa Nintendo, ndipo mu Meyi 2002 a Yamauchi, amene anatsogolera kampaniyo kwa zaka 53, anamusiyira mpando. Nintendo inayamba mu 1889 monga kampani yopanga makadi osewerera, ndipo atsogoleri ake atatu oyamba onse anali a banja la Yamauchi. Iwata, wa zaka 42, anali woyamba wochokera kunja kwa banjalo. Iye anaona kuti opanga masewera akungopikisana pokondweretsa anyamata okhaokha amene anali akatswiri kale, ndipo anafuna makina oti agogo, amayi ndi ana azitha kugwiritsa ntchito limodzi. Nintendo DS, ya mu 2004, inagulitsidwa yoposa 150 miliyoni. Wii, ya mu 2006, yoposa 100 miliyoni. Sindikunena kuti zonsezi zinali zachifundo chokhachokha. Kampani imafuna phindu, ndipo makina aliwonse amene alowa m'nyumba amatenga maola amene akanapita kwina. Kholo limene likudandaula za maola amenewo likudandaula zoona.

Munthu amadziwika bwino zinthu zikavuta. Mu 2011 makina atsopano otchedwa 3DS sanayende malonda monga ankayembekezera. Iwata anatsitsa mtengo wake ku Japan kuchoka pa mayeni 25,000 kufika pa 15,000, ndipo anadula malipiro ake omwe ndi theka. Makina otsatira, Wii U, a mu 2012, analephera kwambiri: onse amene anagulitsidwa sanafike 14 miliyoni. Mu 2013, pamsonkhano wa eni masheya, anafunsidwa chifukwa chimene sakuchotsera antchito monga makampani ena amachitira. Iye anakana. Anafotokoza kuti kuchotsa anthu kungakongoletse mabuku a ndalama kwa kanthawi, koma anthu ogwira ntchito ali ndi mantha oti mawa achotsedwa sangapange chinthu chokondweretsa dziko. Kumayambiriro kwa 2014 anadulanso malipiro ake ndi theka kwa miyezi 5. N'zoona kuti theka la malipiro a mkulu wa kampani yotere ndi ndalama zambiri ndithu, ndipo banja lake silinagone ndi njala. Komabe tawerengani pa zala atsogoleri amene mukuwadziwa, kulikonse kumene kuli mipando, amene zinthu zikalakwika amayambira kudula mbale yawo.

Mu Juni 2014 madokotala anamuchita opaleshoni yochotsa chotupa m'njira ya ndulu. Anabwerera kuntchito patapita miyezi ingapo, ataonda kwambiri, n'kupitiriza kukonzekera makina atsopano amene sanadzawaone ali pamsika. Anamwalira pa 11 Julaye 2015 ali ndi zaka 55, ndipo anthu zikwi zingapo anafika pamwambo wa maliro ake ku Kyoto.

Makinawo, otchedwa Nintendo Switch, anatuluka mu Marichi 2017. Patapita miyezi, anthu ofufuza m'kati mwa mapulogalamu ake anapezamo chinthu chimene kampaniyo sinalengeze: masewera akale aja a Golf, a mu 1984, amene Iwata analemba ali ndi zaka 24. Anabisidwa mwanjira yoti atseguke pa 11 Julaye pokha, munthu akatambasula manja ake onse awiri kutsogolo, monga mmene iye ankachitira polonjera anthu pakanema.