AMBUYE THEUNISSEN, ARKIEPISKOPI WOYAMBA WA BLANTYRE

Ambuye John Baptist Theunissen adabadwa m'caka ca 1905 m'mudzi wa Schimmert, cigawo ca Limburg, ku Holland. Adalowa m'gulu la Ansembe a Montfort, gulu lomwe lija lidafika pa Nzama m'caka ca 1901. M'caka ca 1950 adadzozedwa uepiskopi, nalowa m'malo mwa Ambuye Louis Auneau, amene adaweta Akristu a ku Shire pafupifupi zaka 40. Pamene Apapa Yohane XXIII adakweza Blantyre m'caka ca 1959, iwo ndiwo adakhala Arkiepiskopi woyamba.

Kuti munthu amvetse mtima wa m'busa ameneyu, ayenera ayambe wayang'ana dziko la pansi monga linaliri masiku amenewo. Itatha nkhondo yaikuru m'caka ca 1945, padatsala maufumu awiri amphamvu, ndiwo America ndi Russia. America inkaphunzitsa kuti munthu ali yense akhale ndi cuma cace-cace ndi kucita malonda mwaufulu. Russia inkati minda, mafakitale ndi masitolo zikhale m'manja mwa boma, cipani cikhale cimodzi, ndipo za Mulungu zifafanizidwe m'mitima ya ana. Awiriwa sadaponyerane zipolopolo maso ndi maso, pakuti onse anali ndi bomba la atomu, koma ankalimbirana maiko ena, makamaka amene anali kumasuka kumene ku utsamunda.

Wansembe wocokera ku Ulaya sankamva za Cikomyunizimu ngati nthano. M'caka ca 1949 Kardinala Mindszenty wa ku Hungary adaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wace wonse. Caka comweco Roma adaletsa Akatolika kulowa kapena kuthandiza zipani za Akomyunisti, ndipo ku China kudalowa boma la Mao, limene posacedwa lidapitikitsa amishoni. M'caka ca 1956 akasinja a Russia adapondereza anthu m'miseu ya Budapest. Zonsezi Ambuye Theunissen ankazidziwa bwino, ndipo mantha ao sanali opanda gwero.

Tsono m'Nyasaland munali moto wina. Anthu adakana Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira m'caka ca 1953. Pa 3 March, 1959, boma lidagwira atsogoleri a Congress, ndipo Dr. Banda adatsekeredwa ku Gwelo mpaka April 1960. Abusa a mpingo wa Skotilandi adatsutsa Citaganya mosabisa, koma Maepiskopi a Katolika sadamveke kweni-kweni pa nkhaniyi, ndipo anthu andale adasunga cimeneci kukhosi. Kenaka, m'miyezi ya pakati pa 1960, kudabuka cipolowe ku Congo; Lumumba adapempha thandizo ku Russia, ndipo Azungu ambiri adathawa. Kwa amishoni a ku Limbe ndi ku Nguludi cidaoneka ngati cimphepo ca ku Budapest cafika pakhomo.

M'mwezi wa October 1960 Bambo Chester Katsonga, Mkatolika amene kale anali wa Congress, adayambitsa mu Blantyre cipani ca Christian Democratic Party. Anthu ambiri adakhulupira kuti Arkiepiskopi ndiye anali kumbuyo kwace, ndipo olemba mbiri abvomereza kuti adacikomera mtima. Nyuzipepala ya Malawi News, ya Malawi Congress Party, idayankha mwaukali woopsa: idanena Ambuye Theunissen kuti afuna kugawa mtundu ndi kuika dziko m'manja mwa Vatican. Nyumba ya Bambo Katsonga idatenthedwa. Amene adamva kuwawa koposa anali Akatolika wamba a ku Ndirande ndi ku Soche, aphunzitsi ndi akatekisti, amene ankakonda m'busa wao ndi kufunanso ufulu wa dziko lao, koma tsopano anthu anali kuwafunsa kuti asankhepo cimodzi.

Apa pafunika kuweruza mosakondera. Pa dzina la mdani Ambuye adaphonya. Atsogoleri a Malawi Congress Party sanali Akomyunisti. Ambiri adaphunzira pa sukulu za mishoni ku Livingstonia, ku Blantyre ndi ku Likoma, ndipo cimene ankafuna cinali kuthetsa Citaganya. Kuyeza Nyasaland ndi muyezo wa ku Hungary kudabvulaza Eklezia pa nthawi imene anthu anali kuyang'ana amene aima nao. Koma pa cinthu ceni-ceni adapenya patali. Iwo adaima pa mfundo yakuti munthu ali ndi ufulu woyambitsa cipani cina ndi kusankha osaopsezedwa, ndi kuti dziko la cipani cimodzi limatsekera anthu pakamwa, kaya mbendera yace ndi yofiira kaya ndi ya maonekedwe ena. M'caka ca 1961 Maepiskopi onse adalemba kalata yofotokoza m'mene mtundu wokondwa umamangidwira, nayesa kuziziritsa mitima. Pa cisankho ca August caka comweco cipani ca Bambo Katsonga, cimene cinali citasintha dzina kukhala Christian Liberation Party, sicidapate mpando ngakhale umodzi.

Zimene zidatsata n'zodabwitsa. Munthu amene ena ankaopa kuti adzatsegulira Akomyunisti khomo ndiye adalitseka ndi mpiringidzo. Pa mkangano wa nduna wa 1964 Dr. Banda adaulula kuti akazembe a China ku Dar es Salaam adalonjeza mapaundi 18 miliyoni ngati Malawi abvomereza boma la Peking, ndipo iye adakana. M'caka ca 1966 adapalana ubwenzi ndi Taiwan, m'caka ca 1967 ndi South Africa. Komabe m'caka comweco ca 1966 Malawi adasanduka dziko la cipani cimodzi, ndipo anthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Maiko a kumadzulo adapenya kumbali, pakuti bwenzi lodana ndi Moscow linali la mtengo wapatali m'cigawo cino ca Afrika. Ukapolo umene Ambuye ankauyembekeza kucokera kum'mawa udabwera ndi cilolezo ca a kumadzulo.

Ambuye Theunissen adakhala nao pa Msonkhano Waukuru wa Vatican II, ndipo adakonza njira yoti mwana wa dziko lino atenge ndodo yao. M'caka ca 1965 Ambuye James Chiona adakhala Episkopi wothandiza, ndipo m'caka ca 1967 adalandira mpando wa Blantyre. Atacoka kuno, Ambuye Theunissen adayang'anira kanthawi kocepa mishoni ya Ansembe a Montfort ku Iceland, cisumbu cozizira kumene asilikali a America anali ndi bwalo la ndege pa Keflavik lolondera zombo za Russia. Adamwalira m'caka ca 1979, mpikisano wa maufumu awiri aja uli cipitire.

Soviet Union idatha mu December 1991. Pa 8 March, 1992, m'machalichi onse a Katolika m'Malawi mudawerengedwa kalata ya Maepiskopi ya nyengo ya Lenti yodzudzula kusowa kwa ufulu wolankhula ndi kutsekera anthu popanda mlandu, ndipo mmodzi wa oisaina anali Ambuye Chiona. Mu May caka comweco maiko a kumadzulo adaimitsa thandizo lao la citukuko kwa boma la Dr. Banda.