Harry Truman: anthu anatopa naye, koma mpando sanausiye

Pa gulu lina la WhatsApp lomwe ndilimo, kukangotuluka kafukufuku wonena kuti anthu ambiri sakukondwa ndi mtsogoleri wa dziko lililonse, funso limakhala limodzi: nanga akudikira chiyani osangotula pansi udindo? Wina amaponya chithunzi cha manambalawo, ena n'kumavomereza, basi nkhani yatha, ngati kuti kafukufuku ndi kalata yochotsera munthu ntchito. Ine pamenepo ndimakumbuka Harry Truman, pulezidenti wa nambala 33 wa dziko la America, yemwe ndinamudziwa ku koleji tikuphunzira za momwe amayezera maganizo a anthu. Mu February 1952, bungwe la Gallup linapeza kuti anthu 22 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankakhutira ndi ntchito yake. Mkuluyu sanasunthe. Anakhalabe pampando mpaka tsiku lomwe malamulo ananena, pa 20 January 1953.

Truman anabadwa pa 8 May 1884 ku Lamar, m'chigawo cha Missouri, m'banja la alimi. Digiri analibe, ndipo mpaka lero ndiye pulezidenti womaliza wa dzikolo kulamula opanda pepala la ku yunivesite. Anagwirako ntchito ku banki, kenako n'kubwerera kumunda wa makolo ku Grandview komwe anakhala zaka pafupifupi khumi. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anali kaputeni wa gulu la asilikali a mizinga ku France. Atabwerako anakwatira Bess Wallace mu 1919, n'kutsegula shopu ya zovala za abambo ku Kansas City pamodzi ndi mnzake wa kunkhondo. Pofika 1922 bizinesi inali itagwa, ndipo ngongole zake anakhala akubweza kwa zaka zambiri. Apa n'kuti ali ndi zaka 38, palibe chooneka chomwe wapanga.

Yemwe anamulowetsa ndale ndi Tom Pendergast, mkulu wina yemwe chipani cha Democratic ku Kansas City chinali m'thumba mwake, ndipo pambuyo pake anakalowa kundende chifukwa chozemba msonkho. Ndi thandizo la mkuluyu Truman anapeza udindo woyendetsa boma laling'ono la kwawo, kenako mu 1934 anasankhidwa kukhala seneta. Dzina labwino analipeza pa nkhondo yachiwiri, pomwe ankatsogolera komiti yofufuza makampani omwe ankadya ndalama za boma pa makontilakiti a zida. Mu 1944 chipani chinamutenga kuti aime limodzi ndi Franklin Roosevelt ngati wachiwiri wake. Anakhala pa udindowo masiku 82 okha. Pa 12 April 1945 Roosevelt anamwalira, ndipo munthu yemwe anthu ambiri sankamudziwa bwino analumbira madzulo a tsiku lomwelo.

Poyamba zinkaoneka zokoma. Germany inagonja pa 8 May, tsiku lake lobadwa, ndipo m'miyezi yoyambayo anthu 87 pa 100 aliwonse ankamuyamikira. Mu August analamula kuti mabomba a atomu aponyedwe ku Hiroshima ndi Nagasaki, komwe anthu oposa 100,000 anafa, ambiri mwa iwo anthu wamba. Kwa ine ili ndi banga lomwe silingafufutike pa mbiri yake, ngakhale omuikira kumbuyo amati linafupikitsa nkhondo. Koma dziwani kuti si mabombawa omwe anamudanitsa ndi anthu a kwawo. Chinamudanitsa ndi mtengo wa zinthu. Mu 1946 katundu anakwera, ogwira ntchito m'migodi ya malasha, ku njanji ndi m'mafakitale anachita sitalaka, ndipo chakumapeto kwa chakacho nyama inasowa m'mabutchala. Manambala ake anatsika kufika pa 32, ndipo pa chisankho cha aphungu cha November chaka chomwecho chipani chotsutsa cha Republican chinalanda nyumba zonse ziwiri za malamulo.

Apa ndi pomwe pali nkhani yomwe imandisangalatsa kwambiri. Seneta wina wa chipani chake chomwe, J. William Fulbright, anapereka ganizo loti Truman asankhe munthu wa chipani chotsutsa, Arthur Vandenberg, kukhala nduna yoona za maubale ndi maiko ena, kenako iye atule pansi udindo. Nthawi imeneyo kunalibe wachiwiri kwa pulezidenti, ndipo lamulo linkati wotsatira pamzere ndi nduna imeneyi. Fulbright, yemwe anaphunzira ku Oxford, ankaganiza mwachingelezi: ukataya nyumba ya malamulo, wataya boma. Ku Britain zimaterodi, chifukwa nduna yaikulu imakhala pampando pokhapokha ngati aphungu ambiri ali kumbuyo kwake. N'chifukwa chake mu 2022 tinaona Liz Truss akupakira asanathe ndi miyezi iwiri yomwe. Koma America si Britain. Pulezidenti wa kumeneko sasankhidwa ndi aphungu, amapatsidwa zaka zinayi, ndipo m'malamulo oyendetsera dzikolo mulibe chiganizo chilichonse chonena kuti anthu akatopa naye achoke. Truman anangolitaya kutali ganizo la Fulbright.

Pofika 1948 aliyense ankati zake zada. Chipani chake chinagawika patatu. A kummwera, okwiya chifukwa ankalankhula za ufulu wa anthu akuda, anaimika Strom Thurmond, ndipo ena anatsata Henry Wallace. M'chaka chomwecho Truman anasaina lamulo lothetsa tsankho la mtundu m'gulu la asilikali, chinthu chomwe kummwerako sichinamupezere abwenzi. Akafukufuku onse akuluakulu ankati Thomas Dewey wa Republican apambana, moti anasiya kufunsa anthu kudakali masabata kuti chisankho chichitike. Truman anakwera sitima ya pamtunda n'kuzungulira dziko, akuima m'timatauni tating'onoting'ono, kulankhula ali kumbuyo kwa sitimayo, akudzudzula aphungu a Republican kuti palibe chomwe akuchita. Anapambana ndi mavoti 303 a nthumwi zosankha pulezidenti, Dewey n'kupeza 189. Nyuzipepala ina ya ku Chicago inali itasindikiza kale kuti Dewey wawina, ndipo chithunzi cha Truman atainyamula m'mwamba akuseka chimaphunzitsidwa mpaka lero kwa ife olemba nkhani. Munthu woti wadutsa zoterezi, mukuganiza kuti angadzaopenso manambala a Gallup?

Teremu yachiwiriyo ndiye inali yowawa zedi. Mu 1949 dziko la Soviet Union linaphulitsa bomba lake la atomu, ndipo China inagwa m'manja mwa Mao Zedong. Seneta Joseph McCarthy anayamba kufuula kuti m'boma mwadzaza achikomyunizimu. Mu June 1950 nkhondo inabuka ku Korea, Truman n'kutumizako asilikali osapempha nyumba ya malamulo kuti ilengeze nkhondo. China italowerera chakumapeto kwa chakacho, nkhondoyo inangoima pamodzi, anyamata akufa koma opambana osaoneka. Kunyumba nako kunatuluka nkhani za katangale: anthu oyandikana naye kulandira mphatso ngati mafiriji, ndi akuluakulu a ku ofesi yotolera msonkho kuchotsedwa ntchito chifukwa cha ziphuphu. Palibe umboni woti iye mwini anali m'gulu la odyawo, koma anali ndi vuto lomwe timalidziwa bwino, lochedwa kutaya anzake akalakwa.

Ndiye pa 11 April 1951 anachotsa ntchito General Douglas MacArthur, mkulu wa asilikali ku Korea, ngwazi yomwe anthu ankaikonda kuposa pulezidentiyo. MacArthur ankafuna kukulitsa nkhondo kuti ifike ku China, ndipo ankatsutsa bwana wake poyera. Dziko linayaka moto. M'madera ena anthu anawotcha zidole zoimira Truman, makalata ndi matelegalamu okwiya anasefukira ku Washington, ndipo MacArthur atabwerera kwawo analankhula m'nyumba ya malamulo n'kulandiridwa ndi chinamtindi cha anthu m'misewu ya New York. Andale ena a Republican anayamba kutchula poyera mawu oti impichimenti.

Nanga inakanika pati? Choyamba, impichimenti ku America imafuna mlandu: kuukira dziko, ziphuphu, kapena zolakwa zina zikuluzikulu. Kuchotsa mkulu wa asilikali si mlandu, ndi mphamvu yomwe malamulo amapatsa pulezidenti ngati mkulu wa asilikali onse. Chachiwiri ndi masamu. Nyumba ya House of Representatives iyenera kuvomereza kaye kuti munthuyo aimbidwe mlandu, kenako magawo awiri mwa atatu a Senate avomereze kuti achoke. Mu 1951 nyumba zonse ziwiri zinali m'manja mwa chipani cha Truman. Ambiri mwa aphungu akewo, makamaka a kummwera, sankamukonda n'komwe, ndipo mabilu ake ambiri ankawakana. Koma kukana bilu ya munthu n'kosiyana ndi kugwetsa boma la chipani chako kutatsala chaka ndi theka kuti anthu akavote. Komanso Senate itaitana akuluakulu a asilikali kuti afotokoze, iwo, motsogozedwa ndi General Omar Bradley, anaikira kumbuyo pulezidenti. Moto uja unayamba kuzilala. Ife kuno tisadabwe nazo, poti nafenso tili ndi pulezidenti wosankhidwa payekha, wa zaka zisanu, ndipo kumuchotsa kudzera ku nyumba ya malamulo kumafunanso magawo awiri mwa atatu a aphungu.

Wina angati, ndiye kuti munthu akangolumbira akhoza kuchita zilizonse? Ayi ndithu, ndipo Truman yemweyo anaziona. Mu April 1952, pofuna kupewa sitalaka yomwe ankati isokoneza nkhondo ya ku Korea, analamula kuti boma lilande mafakitale a zitsulo. Eni ake anathamangira kukhoti. Pa 2 June khoti lalikulu la dzikolo linagamula, majaji asanu ndi mmodzi kwa atatu, kuti pulezidenti analibe mphamvu imeneyo. Truman anakwiya, koma mafakitale anawabweza. Ndikawerenga mbiri yake apa ndi pomwe ndimamupatsa ulemu, chifukwa malamulo omwe ankamusunga pampando atamutembenukira sanawapeze chifukwa. Aphungu ena anabweretsanso mapepala a impichimenti pa nkhani ya zitsuloyi, koma anangofera ku komiti.

Sikuti manambala aja analibe ntchito. Anamuluma, kungoti pamalo ena. Lamulo loletsa pulezidenti kulamula kuposa materemu awiri linayamba kugwira ntchito mu 1951, koma iye silinkamukhudza, moti akanatha kuimanso. Mu March 1952 dzina lake linali pa chipisho cha chipani ku New Hampshire, ndipo anagonja kwa seneta Estes Kefauver. Pa 29 March analengeza kuti sadzaimanso. Chipani chinaimika Adlai Stevenson, yemwe ankayesetsa kuti asaoneke pafupi kwambiri ndi Truman, koma sizinathandize. Dwight Eisenhower wa Republican anapambana mosavuta, ndipo ulamuliro wa zaka 20 wa chipani cha Democratic unathera pomwepo. Mkwiyo womwe unalephera kumuchotsa mu 1951 unadikira tsiku lovota.

Eisenhower atalumbira, Truman ndi Bess anakwera sitima kubwerera ku Independence, ku Missouri, kukakhala m'nyumba yakale ya kuchimkazi. Penshoni ya apulezidenti opuma kunalibe, inadzakhazikitsidwa mu 1958. Ankayenda wapansi m'mawa uliwonse, analemba mabuku a mbiri yake, ndipo pang'onopang'ono anthu anayamba kumuona mwina. Thandizo lomanganso Ulaya la Marshall Plan, kukhazikitsidwa kwa NATO, ndege zonyamula chakudya kupita ku Berlin, zonsezi zinachitika m'nthawi yake, ndipo lero akatswiri a mbiri akamasanja apulezidenti a America kawirikawiri amamuika m'gulu la khumi apamwamba. Osathamangira kunena kuti anthu a mu 1952 analakwitsa. Iwo ndi omwe ankagula zinthu zodulazo ndi kuika maliro a ana awo ochokera ku Korea, pomwe olemba mbiri amaweruza nkhondo itatha.

Truman anamwalira pa 26 December 1972 ku Kansas City, ali ndi zaka 88. Mmodzi mwa omwe anapita ku Independence kukaika nkhata anali pulezidenti wa nthawiyo, Richard Nixon, yemwe mwezi wapitawo anali atapambana m'zigawo 49 mwa 50. Pasanathe zaka ziwiri, matepi a mu ofesi yake anaonetsa kuti anatenga nawo mbali pobisa nkhani ya Watergate, ndipo akuluakulu a chipani chake chomwe, kuphatikizapo seneta Barry Goldwater, anapita kukamuuza kuti mavoti omuteteza ku Senate palibe. Nixon anatula pansi udindo pa 9 August 1974. Kafukufuku womaliza wa Gallup ankamupatsa 24 pa 100, awiri pamwamba pa 22 ya Truman.