MAI IDA B. WELLS, MLEMBI WA NYUZI WA KU AMEREKA

Anzanga angapo pasukulu pano amati akatha maphunziro adzagwira nchito yolemba nyuzi, ndipo ine ndiri mmodzi wa iwo. Ndico cifukwa cace ndafuna kukuuzani za Mai Ida B. Wells, amene mbiri yao inandisowetsa tulo nditaiwerenga.

Iwo anabadwira mu ukapolo pa 16 July 1862 ku Holly Springs, m'dera la Mississippi. Mu 1878 atate ndi amai ao anafa ndi nthenda ya yellow fever, ndipo mtsikana wa zaka 16 anayamba uphunzitsi kuti alere abale ace ang'ono. Pambuyo pace anapita ku Memphis, nakhala mmodzi wa eni ace a nyuzi yochedwa Free Speech. Mu 1891 anawacotsa uphunzitsi cifukwa analemba poyera za kuipa kwa sukulu za ana akuda.

Cimene cinatembenuza moyo wao cinacitika mu March 1892. Gulu la Azungu linaturutsa m'ndende bwenzi lao Thomas Moss ndi anzace awiri, niliwaombera mfuti mlandu usanazengedwe. Moss anali ndi sitolo imene inali kulanda anthu ogula kwa Mzungu wina wa sitolo. Masiku amenewo nyuzi za Azungu zinali kunena kuti anthu akuda ophedwa cotere ndi ogwirira akazi, ndipo ambiri anali kungobvomera. Koma Mai Wells anadziwa Moss bwino, ndipo anayamba kukaika nkhani zina zonse. Anazifufuza imodzi imodzi, kupita kumalo kumene munthu anaphedwa ndi kufunsa mboni. Anapeza kuti ambiri a ophedwawo sananenezedwe n'komwe mlandu umenewo.

Atalemba zimenezi mu May caka comweco, anthu okwiya anaphwanya makina ao osindikizira. Mwai wace iwo anali paulendo kumpoto, ndipo sanathe kubwerera kwao.

Ine cimene cinandigwira mtima koposa ndi nzeru imene anacita m'buku lao la 1895 lochedwa The Red Record. Ciwerengero ca ophedwa anacitenga m'nyuzi ya Azungu omwe, Chicago Tribune, kuti pasakhale wonena kuti munthu wakuda wangopeka. Nditawerenga apa ndinacita manyazi, pakuti caka catha ndinapereka kwa akonzi a magazini ano nkhani imene ndinangoimva kwa mnzanga kugowelo, ndipo anandibwezera.

Mu 1893 ndi 1894 anakalankhula ku Britain za kuphedwa kwa anthu a mtundu wao. Mu 1895 anakwatiwa ndi Bambo Ferdinand Barnett a ku Chicago, amenenso anali ndi nyuzi yao, ndipo anamwalira komweko pa 25 March 1931. Ulemu wa Pulitzer, umene olemba nyuzi a ku Amereka amaulakalaka, unaperekedwa kwa iwo mu 2020, patapita zaka 89 ali m'manda.