Mbiri ya Dr. Kamuzu Banda, Sing'anga wa ku Kasungu

Dziko la Kasungu ndi lachidikha, ndipo masiku ano ladzala ndi minda ya fodya ndi zigafa zake. Koma kale kunali thengo lalikulu, mokhala njovu, njati ndi nyama zina zambiri. M'dziko limeneli, cha m'ma 1898, munabadwa mwana wamwamuna wa mtundu wa Achewa. Amake anakhala nthawi yaitali osaona mwana, kufikira atamwa mankhwala a mizu. Chifukwa chake mwanayo atabadwa anamutcha Kamuzu, ndiko kunena muzu waung'ono. Dzina la Hastings analitenga pambuyo pake.

Kamuzu anayamba sukulu ku Mtunthama, kumene ana ankaphunzirira pansi pa mtengo wa kachere. Atakula pang'ono anapita ku Chilanga, ku sukulu ya Mishoni ya Livingstonia. Kumeneko kunali dotolo wa ku Scotland, dzina lake George Prentice, amene ankalalikira Mawu a Mulungu ndi kuchiritsa odwala.

M'masiku amenewo kunabuka nthenda yoopsa ya kaodzera. Munthu ankayamba ndi kutentha thupi ndi litsipa, naonda, nayamba kuodzera usana, ndipo pakupita miyezi yowerengeka ankamwalira. M'chaka cha 1910 madotolo a ku Liverpool anapima magazi a munthu amene anadwalira m'chigwa cha Luangwa, kumadzulo kwa Kasungu, napeza kuti kachilombo kake kanali ka mtundu umene sanaudziwe kale. Ndipo mu 1911 Sir David Bruce ndi anzake anatumidwa ku Nyasaland kudzafufuza nthendayo. Kunadziwika kuti tizilomboto timakhala m'magazi a nyama za m'thengo, ndi kuti ntchentche yotchedwa kashembe ikaluma nyama imatitenga, nikatilowetsa mwa munthu pomuluma. Pambuyo pake Boma linasamutsa midzi ya kumadzulo kwa Kasungu, ndipo malo amenewo ndiwo tsopano nkhalango yosungiramo nyama.

Tsono ofufuza onsewo anali Azungu. Eni dziko, amene ankadziwa njira za nyama ndi madambo okhala kashembe, ntchito yawo inali kusenza katundu ndi kugwira ntchentche. Nzeru anali nazo, koma m'dziko lonse munalibe sukulu yoti mwana wakuda aphunzire udotolo.

Cha m'ma 1915 Kamuzu anakalemba mayeso a uphunzitsi. Popeza anali wamfupi ndipo anakhala kumbuyo, anaimirira kuti aone bwino mafunso pa bolodi. Koma woyang'anira anayesa kuti alikubera, namutulutsa. Zitatero mnyamatayo ananyamuka ulendo wa pansi kunka kumwera kukafuna maphunziro. Anafika ku Hartley m'dziko la Southern Rhodesia, kumene lero kumatchedwa Chegutu m'Zimbabwe, nalowa ntchito yosesa m'chipatala. Kumeneko anaona ndi maso ake mavuto a odwala akuda. Atachoka uko anapita ku South Africa, nagwira ntchito m'migodi, nakhala kalaliki ndi womasulira pa mgodi wa ku Boksburg. Usana ankagwira ntchito, usiku ankawerenga.

Mpingo wa African Methodist Episcopal unaona khama lake, numuthandiza kuwoloka nyanja kunka ku America mu 1925. Anaphunzira ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio, natsiriza maphunziro ena pa yunivesite ya Chicago mu 1931. Pamenepo analowa ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville. Sukulu imeneyi inayamba mu 1876 kuti iphunzitse udotolo anthu akuda amene anamasulidwa ku ukapolo, pakuti sukulu zambiri za Azungu zinkawakana. Mwana wina wa dziko lino, Daniel Malekebu wa ku Chiradzulu, anali atatsiriza kale pa sukulu yomweyo mu 1917. Ndiye dotolo woyamba mwa ana a dziko lino. Ku Meharry Kamuzu anaphunzira ziwalo za thupi, ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaoneka pa galasi lokuza zinthu, ndi njira zimene matenda amayendera kuchoka kwa munthu kunka kwa mnzake. Anakhoza mayeso ake mu 1937.

Koma chikalata cha ku America sichinkakwanira kugwirira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain. Motero Dr. Banda anapita ku Edinburgh, nalandira zikalata zina mu 1941. Mtima wawo unali wofuna kubwerera kwawo kukachiritsa abale awo. Koma anamwino achizungu a ku mishoni anakana kugwira ntchito pansi pa dotolo wakuda, ndipo Boma nalo linafuna kuwasiyanitsa ndi madotolo achizungu. Kotero dziko limene linali ndi malungo, khate ndi kaodzera linataya dotolo wake. Iwo anakachiritsa anthu ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London, ndipo pambuyo pake ku Kumasi m'dziko la Ghana.

Pa 6 July 1958 anabwerera kwawo, atatha zaka zoposa 40 ali kunja. Sanadze kudzagwira ntchito ya m'chipatala, koma kudzatsogolera anthu pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anamangidwa ku Gwelo mu 1959, namasulidwa mu 1960, ndipo pa 6 July 1964 dziko linalandira ufulu, nilitchedwa Malawi. Analamulira zaka 30. M'nthawi yawo munatsegulidwa yunivesite ya Malawi mu 1965, ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, pafupi ndi kachere uja. Koma ulamuliro wawo unalinso wouma. Anthu ambiri anatsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, ena anaphedwa, ndipo ophunzira ambiri anathawira kunja, monga momwe iwo omwe anakhalira kunja kale.

Mu 1985 nthenda ina yatsopano, ya Edzi, inapezeka m'Malawi. Madotolo a dziko lino anali ochepa ndithu, pakuti onse ankaphunzira kunja, ndipo ambiri sankabwerako. Kulankhula poyera za nthendayo kunalinso kovuta masiku amenewo, ndipo inafala, nitha anthu ambiri. Sukulu ya udotolo inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Dr. Banda anagonja pa chisankho cha 1994, namwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997.

Sukulu ija ya ku Blantyre tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo anyamata ndi atsikana a dziko lino amaphunzira kumeneko kuchiritsa ndi kufufuza matenda. Mankhwala atsopano akumwa ochiza kaodzera anayesedwa pa chipatala cha Rumphi, madotolo ndi anamwino Achimalawi ali pakati pa ntchitoyo, ndipo anavomerezedwa mu 2023.

Ana inu a m'midzi, matenda atsopano sanathe, ndipo adzabukanso monga anabukira kaodzera ndi Edzi. Tsiku limenelo dziko lidzafuna ana ake amene adziwa chilankhulo cha odwala, ndi zitsime zimene amamwako, ndi thengo limene amayendamo. Kamuzu anawoloka nyanja kuti apeze sukulu yotere, koma inu muli nayo m'dziko lanu lomwe. Chifukwa chake limbikirani masamu ndi maphunziro a zachilengedwe, ndipo mukadzaphunzira musadzatsekere anzanu khomo.