MOYO WA MBUSA DAVID CLEMENT SCOTT

Amayi anzanga a Mvano ndi mabanja athu, ambiri tinabatizidwa kapena kumangitsa ukwati m'tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission. Koma ndi angati amene timadziwa mbiri ya munthu amene anachimanga?

Mbusa David Clement Scott anabadwira ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1853. Anafika kuno m'chaka cha 1881, patapita zaka zisanu mishoni itakhazikitsidwa ndi a Henry Henderson. Iwo anapeza zinthu zitaipa, pakuti azungu ena a pa mishoni anali atachotsedwa ntchito chifukwa chokwapula anthu. Ntchito yawo yoyamba inali kubwezera chikhulupiriro m'mitima ya anthu a m'midzi.

A Scott anali munthu wokonda kumvetsera. Ankakhala pansi ndi akuluakulu, namalemba mawu, miyambi ndi miyambo yawo. M'chaka cha 1892 anatulutsa buku lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja, limene Mbusa Alexander Hetherwick analikonzanso m'chaka cha 1929. Mawu ambiri a makolo athu akanatayika pakanapanda buku limeneli.

Ntchito yomanga tchalitchi inayamba m'chaka cha 1888. Mbusayo sanaphunzire za umisiri womanga, ndipo amene anaumba njerwa, kuziwotcha ndi kuzisanja anali anthu akuda a kuno omwe, osapitanso ku sukulu ya zomanga. Tchalitchicho chinatsegulidwa pa 10 May, 1891, ndipo chakhala chilili zaka zoposa zana.

Iwo ankakhulupirira kuti mpingo wa mu Africa uyenera kutsogoleredwa ndi eni ake. Anasankha madikoni asanu ndi awiri akuda, ndipo mmodzi mwa iwo, a Harry Kambwiri Matecheta, anadzozedwa ubusa m'chaka cha 1911. Azungu ena sanakondwere nawo maganizo amenewa.

Misozi sinawasowe. M'chaka cha 1895 anataya akazi awo, Mayi Isabella, ndiponso mng'ono wawo, Dokotala William Affleck Scott. Anachoka kuno m'chaka cha 1898, kenaka anakatumikira ku Kikuyu, m'dziko la Kenya, kumene anamwalira m'chaka cha 1907.

Ku Blantyre wa ku Scotland, nyumba imene David Livingstone anabadwiramo anaisunga, ndipo kuyambira 1929 anthu amapita kukaiona. Kwathu kuno boma linaika tchalitchi ichi m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa. Koma lamulo lokha silisesa, silitseka podontha ayi. Njerwa yakale ikagumuka, yofanana nayo sipezekanso.

Tsono amayi, tiyeni tiletse ana kulembalemba pa zipupa ndi kukwera m'mazenera. Tisamale pabwalo, tipereke mokondwera pofunika kukonza, ndipo tiwauze adzukulu athu kuti nyumbayi inamangidwa ndi manja a makolo awo.