Nikodemo Woyera: Adadza Usiku, Adaonekera pa Mtanda

Pa 31 Ogasiti Eklezia Katolika amakumbukira Nikodemo Woyera pamodzi ndi Yosefe wa ku Arimatea. Timakumana naye katatu mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Yohane, ndipo maulendo atatuwo amationetsa m'mene chikhulupiriro chimakulira mwa munthu wamantha.

Nikodemo adali Mfarisi, mphunzitsi wa Aisraele, ndiponso mmodzi mwa akuluakulu a Bwalo Lalikulu la Ayuda ku Yerusalemu. M'mutu 3 tikumuona akupita kwa Ambuye Yesu usiku. Zozizwitsa adali ataziona, ndipo ankavomera kuti Yesu ndi mphunzitsi wochokera kwa Mulungu. Koma Ambuye adamuuza kuti pofuna kulowa mu Ufumu wa Mulungu, munthu ayenera kubadwanso mwa madzi ndi Mzimu Woyera. Mkulu wophunzirayo zidamuzunguza mutu, poganiza za nkhalamba yobwerera m'mimba mwa mayi ake. Pamenepo Yesu adamukumbutsa za njoka imene Mose adaipachika m'chipululu, kulosera za mtanda umene udzapulumutse onse okhulupirira.

M'mutu 7, pa chikondwerero cha Misasa, akulu a ansembe ndi Afarisi adakwiya chifukwa asilikali a ku Nyumba ya Mulungu adabwerako osamgwira Yesu. Nikodemo yekha ndiye adawakumbutsa kuti Malamulo salola kuweruza munthu asanamve mawu ake. Anzakewo adamuyankha monyoza, namufunsa ngati nayenso ndi wa ku Galileya.

M'mutu 19, Yesu atafa, pamene Petulo adali atamkana kale, Nikodemo adabwera poyera ndi mure wosakaniza ndi aloe wolemera makilogalamu oposa 30. Iye ndi Yosefe adakulunga mtembo wa Ambuye m'nsalu, nauika m'manda atsopano. Monga katswiri wa Malamulo, ankadziwa kuti wokhudza mtembo amakhala wodetsedwa masiku 7, koma ngakhale inali nyengo ya Pasaka, sadabwerere m'mbuyo. Ulemu wake pakati pa akuluakulu adauika pachiswe chifukwa cha munthu wopachikidwa ngati chigawenga.

Ambiri mwa ife tidabadwanso m'madzi a ubatizo tili makanda, komabe timamtsata Khristu mobisala: kuntchito, kubanja ndi pamilandu timakhala chete pamene wosalakwa akuweruzidwa. Moyo wa Nikodemo ukutilimbitsa mtima kuti Mzimu Woyera satopa ndi munthu woyenda pang'onopang'ono. Ukutichenjezanso kuti tsiku limafika pamene wobadwanso ayenera kuimirira pafupi ndi mtanda anthu onse akuona.

Nikodemo Woyera, mutipempherere.