Malemu Dick Chama, Linga la Green Buffaloes

A Dick Chama anabadwa mu 1946. Anachuka monga wocinga kumbuyo m'timu ya asilikali ya mu Lusaka, Green Buffaloes, imene inatenga ligi zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 1973 kufikira 1975.

M'timu ya dziko anali kucinga pakati pamodzi ndi kaputeni, a Dickson Makwaza. Mu 1974, paulendo wake woyamba ku mpikisano wa Cikho ca Africa, Zambia inafika m'ndime yotsiriza ku Cairo. Inalingana mphamvu ndi Zaire, 2-2, koma pobwereza masewerawo inagonja 2-0. Zigoli zinayi zonsezo anamwetsa ndi Ndaye Mulamba, komabe a Chama anasankhidwa m'gulu la osewera opambana a mpikisanowo.

Atasiya kusewera anakhala mphunzitsi. Anamwalira mu 2006.